Galu Wafooka, Nkhama Zayera: Mafunso ndi Mayankho pa Kuyeza Magazi a Agalu

Galu akasiya kudya n'kumangogona pansi pa nkhokwe, ambiri timathamangira zifukwa ziwiri: mwina wina wamuthirira poizoni, kapena ali ndi njoka za m'mimba. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kuno kwathu, kumene nkhupakupa, kashembe ndi udzudzu sizisowa, ena mwa matenda opha galu msanga amakhala m'magazi, ndipo ndi maso okha palibe angawasiyanitse. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene eni agalu amafunsa kawirikawiri dokotala wa ziweto akanena kuti, "Tiyambe tamuyeza magazi."

Kodi ndi tizilombo totani timene timakhala m'magazi a galu?

Choyamba, chimenenso chimavutitsa kwambiri kum'mwera kwa Africa, ndi Babesia. Kachilomboka kamalowa m'maselo ofiira a magazi, kuswana momwemo n'kuwaphulitsa. Dzina lake linachokera kwa Victor Babeș wa ku Romania, amene anakaona m'magazi a ng'ombe mu 1888. Mwa agalu athu mumapezeka mitundu iwiri. Babesia rossi ndiye woopsa, ndipo amafalitsidwa ndi nkhupakupa yachikasu yotchedwa Haemaphysalis elliptica, imene galu amaitola m'tchire ndi m'maudzu. Babesia vogeli amabwera ndi nkhupakupa yofiirira ya m'makola, Rhipicephalus sanguineus, ndipo galu wamkulu samupweteka kwambiri, ngakhale tiana ta agalu amatifoola zedi.

Nkhupakupa yofiirira yomweyo imanyamulanso Ehrlichia canis, kamene kamabisala m'maselo oyera, ndi Anaplasma platys, kamene kamalowa m'timaselo tothandiza magazi kuundana. Tiwiriti ndi mabakiteriya, koma popeza timayenda ndi nkhupakupa ndipo timafufuzidwa m'magazi omwewo, madokotala amatiganizira limodzi ndi Babesia. Palinso Hepatozoon canis, kamene galu amakatenga akameza nkhupakupa podzinyambita. Kumadera a kashembe kuli Trypanosoma, ndipo kumalo otentha ndi achinyontho kuli nyongolotsi ya mumtima, Dirofilaria immitis, yobwera ndi udzudzu.

Zimenezi si nkhani za kutali. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2021, atayeza magazi a agalu a m'mizinda ikuluikulu ya Malawi, anapeza mitundu yonse iwiri ya Babesia, Ehrlichia canis, Anaplasma platys ndi Hepatozoon canis.

Zizindikiro zikuoneka kale. Bwanji osangomubaya jakisoni n'kusiya zoyezazi?

Funso ili ndi limene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa agalu ambiri amafera pomwepa.

Kutentha thupi, kukana chakudya, kufooka, kuonda, nkhama zoyera mbee: zonsezi mungazione pa galu wa Babesia, wa Ehrlichia, wa Trypanosoma, ngakhalenso pa kagalu kamene njoka za m'mimba zakayamwa magazi. Mkodzo wofiira kapena wakuda ndiponso chikasu m'maso zimaloza kwambiri kwa Babesia. Kamfuno ndi timadontho tofiira pankhama kapena pamimba zimaloza kwa Ehrlichia. Koma agalu ambiri safika ndi zizindikiro zoonekeratu chonchi, ndipo si zachilendo kupeza galu mmodzi ali ndi tizilombo tiwiri nthawi imodzi.

Tsono mankhwala ake ndi osiyana kotheratu. Ehrlichia amafuna doxycycline kwa masiku 28 osadumphitsa. Babesia rossi amafuna jakisoni wa diminazene kapena imidocarb, ndipo doxycycline payekha samuchotsa. Galu wa njoka za m'mimba safuna ngakhale chimodzi mwa zimenezi.

Diminazene ndi uja alimi a ng'ombe amamudziwa ndi dzina loti Berenil. Amapezeka mosavuta m'masitolo a mankhwala a ziweto, ndipo n'chifukwa chake anthu ena amabaya naye agalu mongoyerekeza. Kapaketi kamodzi ka magalamu 2.36 kanapangidwira ng'ombe ya makilogalamu 300. Galu wapamudzi wa makilogalamu 15 ndi gawo limodzi mwa magawo 20 a ng'ombe imeneyo. Kuwonjezera apo, ubongo wa galu sugwirizana ndi mankhwalawa akapyola muyezo pang'ono pokha, kapena akabwerezedwa pasanathe milungu itatu. Patapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu, galu amayamba kudzandira, miyendo imauma gwa, maso amangogwedera uku ndi uku, amalira mosalekeza, kenako amakomoka. Mankhwala obwezera zimenezi kulibe. Zimandipweteka kwambiri kuti galu wotere nthawi zina amakhala kuti analibe n'komwe Babesia. Mwini wake anafuna kumupulumutsa ndi mtima wonse, koma anadumpha dontho limodzi la magazi limene likanamuuza kuti jakisoniyo sanali wofunika.

Chimodzimodzinso mankhwala a anthu. Galu sadwala malungo athuwa, choncho LA samuthandiza, ndipo panado kapena ibuprofen akhoza kumuwononga chiwindi, impso ndi m'mimba.

Nanga kuyezako kumachitika bwanji? Galu amamva kuwawa kwambiri?

Kuyeza koyamba n'kosavuta, ndipo aliyense amene anabayidwapo chala poyezetsa malungo akudziwa kale mmene kumakhalira. Dokotala amameta tiubweya pang'ono kunsonga ya khutu, kupukuta bwino, n'kubaya ndi kasingano. Dontho loyamba kutuluka ndi limene amalifuna, chifukwa maselo okhala ndi Babesia amakonda kuunjikana m'timitsempha ting'onoting'ono ta kumapeto kwa thupi. Ndiye chifukwa chake khutu limaposa mtsempha waukulu wa pamwendo pa kuyeza kumeneku.

Dontholo amaliika pa kagalasi koyera. Amatenga kagalasi kena, kukapendeketsa, kukabwezera m'mbuyo mpaka kakhudze dontho lija, magazi n'kufalikira m'mphepete mwake. Kenako amakankha kamodzi kokha, mosakayika, ndipo magazi amatsalira pagalasi atapyapyala mpaka kumapeto kwake selo lililonse limagona palokha. Akauma, amawaviika mu mankhwala opaka utoto. Wodziwika kwambiri ndi wa Giemsa, amene wakhala akugwira ntchito kuyambira 1904, ndipo ndi yemweyo amene ma labotale a zipatala zathu amaonera malungo. Pali winanso wachangu, Diff-Quik, amene amatha m'mphindi imodzi kapena ziwiri.

Pa maikulosikopu yokulitsa ka 1,000, maselo ofiira amaoneka otuwa mofiirira. M'kati mwa ena mumaoneka tinthu tiwiritiwiri tabuluu, tozungulira mbali imodzi ndi tosongoka mbali inayo, nsonga zake zitakumana. Ameneyo ndi Babesia. Munthu wozolowera ntchitoyi amatha kupereka yankho mwini galu asanachoke pakhomo la chipatala. Amayang'ananso maselo oyera, amaona ngati timaselo toundanitsa magazi tilipo tokwanira, ndiponso ngati thupi layamba kupanga maselo ofiira atsopano m'malo mwa amene awonongeka. Kagalasi kamodzi komweko kamanena zambiri.

Pa kuyeza kwina amatenga mamililita awiri kapena atatu mumtsempha wa pamwendo wakutsogolo kapena wa pakhosi, n'kuthira m'kabotolo ka chivindikiro chapepo kamene kali ndi mankhwala oletsa magazi kuundana. Galu amamva kubaya kwa singano basi.

Dokotala wanena kuti magazi atsika kufika pa 14. Nambala imeneyi ikutanthauza chiyani?

Akunena za PCV, muyezo wa kuchuluka kwa maselo ofiira m'magazi. Amadzaza magazi m'kapaipi kagalasi kowonda kwambiri, kutseka mbali imodzi, n'kukazunguza pamakina kwa mphindi zisanu. Magazi amagawika patatu: maselo ofiira pansi, kamzere koyera kopyapyala pakati, ndi madzi ake pamwamba. Galu wathanzi amakhala ndi maselo ofiira pakati pa 37 ndi 55 pa 100 alionse. Akafika cha pa 15 kapena kutsikirapo, nkhani yomuwonjezera magazi imayambika, makamaka ngati akupuma mwawefuwefu ndipo sakutha kuima.

Madzi a pamwamba aja amalankhulanso. Akakhala ofiira ndiye kuti maselo akuphulika m'mitsempha momwemo. Akakhala achikasu kwambiri ndiye kuti chiwindi chalemedwa. Pali chinthu china chimene chimapusitsa anthu: galu wa Babesia rossi amene nkhama zake n'zofiira piriwiri ndipo PCV yake ili pamwamba sikuti ali bwino. Madokotala a ku Onderstepoort, sukulu ya udokotala wa ziweto ya University of Pretoria kumene amaona agalu ochuluka a matendawa, amadziwa kuti ameneyu ndi mmodzi mwa odwala ovuta kupulumutsa, chifukwa madzi a m'magazi akutayikira kunja kwa mitsempha.

Kupeza kachilombo kumakuuzani dzina la matenda. PCV ndi imene imakuuzani ngati galu angabwerere kunyumba lero kapena agonekedwe.

Ndinaona kachipangizo kapulasitiki kamene amadonthezapo magazi, timadontho tabuluu n'kutuluka. Kodi kameneko sikakwanira?

Kodziwika kwambiri ndi SNAP 4Dx ka kampani ya IDEXX ya ku America. Madontho atatu a magazi, mphindi zisanu ndi zitatu, yankho latuluka. N'kothandiza ndithu, koma mudziwe zimene kamayeza. Pa nyongolotsi ya mumtima kamafufuza zinthu zochokera m'thupi la nyongolotsiyo, choncho kakaonetsa kuti ilipo, nthawi zambiri imakhaladi ilipo. Pa Ehrlichia, Anaplasma ndi matenda a Lyme sikafufuza kachilombo kenikeniko. Kamafufuza asilikali amene thupi la galu lapanga polimbana nako.

Kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Asilikaliwa amatenga mlungu umodzi mpaka inayi kuti ayambe kuoneka, choncho galu amene wangoyamba kudwala akhoza kuonetsa kuti alibe kanthu. Ndipo akaoneka amakhalitsa miyezi, mwinanso zaka, matenda atatha kale.

Chinanso chofunika kwa ife kuno: kachipangizoka kanapangidwa moganizira matenda a ku North America, ndipo sikayeza Babesia ngakhale Trypanosoma. Galu wanu akhoza kutuluka woyera pa zinayi zonsezo pamene Babesia rossi akumumaliza. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kuno kwathu kagalasi ndi maikulosikopu ziyenera kukhala patsogolo, kachipangizoka kazibwera pambuyo.

Ayeza ndipo sanapeze kanthu, koma galu akudwalabe. Ndiye kuti alakwitsa?

Osati kwenikweni. Kusapeza kachilombo pa kagalasi kamodzi sikutanthauza kuti kulibe.

Ehrlichia ndiye katswiri wobisala. Timagulu take ta m'maselo oyera timaoneka pa magalasi ochepa kwambiri, ngakhale galu akudwala zenizeni. Dokotala amadalira zizindikiro zina: timaselo toundanitsa magazi, timene mwa galu wathanzi timakhala 200,000 mpaka 500,000 m'kadontho ka maikulolita imodzi, timatsika kwambiri; kapamba amatupa; mbiri ya nkhupakupa ilipo. Matendawa anayamba kufotokozedwa ku Algeria mu 1935, koma dziko linawadziwa bwino pa nkhondo ya ku Vietnam pamene anapha agalu ambiri a asilikali a America, makamaka a mtundu wa German Shepherd, amene mpaka lero amavutika nawo kuposa agalu ena. Kuopsa kwake kuli pakuti galu amatha kuoneka ngati wachira, kachilombo kali phee m'kapamba kwa miyezi kapena zaka, kenako mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi n'kufooka. Zikafika pamenepo maselo a mitundu yonse amatsika limodzi ndipo chithandizo chimavuta kwambiri. Eni agalu a mtundu umenewu, amene ndi ambiri m'nyumba za m'tauni ndi m'makampani a alonda, asamanyozere kamfuno ngakhale katatuluka kamodzi kokha.

Babesia nayenso amatha kukhala wochepa m'magazi moti wina akhoza kuyang'ana kwa mphindi khumi osamuona. Zikatero amabwereza kagalasi tsiku lotsatira. Ndipo ngati galu anamwetsedwa kapena kubayidwa kale mankhwala kunyumba, tizilombo timachepa n'kubisala, koma osatha. Chonde muuzeni dokotala chilichonse chimene mwapatsa galu, dzina lake, kuchuluka kwake ndi tsiku. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, ndipo kubisa kukhoza kuchititsa kuti abayidwe diminazene kachiwiri.

Pamene zonsezi zalephera pali PCR. Njira imeneyi imafufuza DNA ya kachilombo n'kuichulukitsa mpaka ioneke, ndipo imapeza tizilombo tochepa kwambiri kuposa mmene diso lingaonere. Imathanso kusiyanitsa Babesia rossi ndi Babesia vogeli, amene pa maikulosikopu amafanana ndendende. Vuto lake ndi mtengo ndi nthawi: imafuna labotale yaikulu, nthawi zina magazi amatumizidwa kunja kwa dziko, ndipo zotsatira zimatenga masiku. Galu amene PCV yake ili pa 14 sangadikire zimenezo. Chithandizo chimayamba ndi zimene zaoneka lero, PCR n'kudzatsimikiza pambuyo.

Nanga ngati zotsatira zasonyeza kuti ali nako koma galu ali bwinobwino, akudya ndi kuthamanga?

Zimachitika kawirikawiri. Agalu ambiri a m'madera a nkhupakupa ali ndi asilikali a Ehrlichia chifukwa anakumana nako kale. Hepatozoon canis amapezeka mwa agalu ochuluka amene sakudwala chilichonse. Choyenera apa ndi kuwerenga maselo onse a magazi. Ngati timaselo toundanitsa magazi tatsika kapena pali china chosakhala bwino, chithandizo chiyambe. Ngati zonse zili m'malo mwake, dokotala angasankhe kumuyang'anira ndi kudzayezanso. Galu wotereyu asapereke magazi kwa galu mnzake.

Ndimakhala pafupi ndi nkhalango ndipo agalu anga ndi osaka. Pali china chapadera chimene ndiyenera kuyezetsa?

Inde, Trypanosoma. Kuzungulira nkhalango za Nkhotakota, Kasungu, Vwaza ndi Liwonde, komanso m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, kashembe amaluma nyama zakutchire zimene zimasunga kachilomboka osadwala, kenako n'kuluma galu. Galu angathenso kukatenga akadya nyama yaiwisi ya chilombo chongophedwa kumene, makamaka ngati ali ndi zilonda m'kamwa kapena fupa lamubaya.

Trypanosoma brucei amathamanga kwambiri mwa galu. Thupi limatentha, nkhope ndi khosi zimatupa, ndipo chizindikiro chimene alenje amachidziwa bwino ndi maso: amachita mtambo wotuwa, galu n'kuyamba kugunda zinthu. Popanda chithandizo amafa m'milungu yochepa. Trypanosoma congolense kawirikawiri amapita pang'onopang'ono, galu akuonda ndi kutha magazi.

Kuyeza kwake kumasiyana pang'ono. Dontho la magazi aawisi amaliika pakagalasi, kuvindikira ndi kagalasi kena kopyapyala, n'kuyang'ana nthawi yomweyo popanda utoto. Munthu amene waonapo zimenezi saiwala: maselo ofiira akugwedezeka pamalo amodzi, ndipo ukayang'anitsitsa ukuona kanthu kowonda kakudzipinda ndi kukwapula mchira pakati pawo. Ngati tizilombo tili tochepa amagwiritsa ntchito kapaipi ka PCV kaja, chifukwa tikazunguzidwa timasonkhana pa kamzere koyera ka pakati. Njira imeneyi anaifotokoza Patrick Woo mu 1970 ndipo ikugwirabe ntchito. Magazi ayezedwe pasanapite maola ambiri, tizilombo tisanafe. Komanso chiwerengero chake m'magazi chimakwera ndi kutsika, chifukwa kachilomboka kamasinthasintha chikopa chake pozemba asilikali a m'thupi. Lero kangasowe, mkuja n'kupezeka kambirimbiri, choncho kuyeza kamodzi sikokwanira.

Pali chifukwa china chosachitira mphwayi galu wotere. Mtundu wa Trypanosoma brucei rhodesiense, umene umayambitsa kaodzera mwa anthu, sungasiyanitsidwe ndi wa ziweto pa maikulosikopu. Amausiyanitsa ndi njira zofufuza DNA, ndipo ofufuza anaupeza mwa agalu a m'midzi ya m'boma la Mambwe kum'mawa kwa Zambia. Galu sapatsira munthu pomunyambita kapena kugona naye pafupi. Koma galu wopezeka ndi Trypanosoma akusonyeza kuti kashembe wonyamula matenda ali kumene inu ndi ana anu mumayenda. Wina m'banjamo akamatentha thupi, malungo osapezeka, akauze achipatala kuti amakhala kapena anapita kudera la kashembe.

Nyongolotsi ya mumtima imayezedwa bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani amati kagalu kakang'ono sikayezedwa?

Udzudzu ukaluma galu umasiya timphutsi timene timayenda m'thupi kwa miyezi ingapo tisanafike m'mitsempha ya m'mapapo ndi kumanja kwa mtima. Kumeneko timakula, zazikazi mpaka kufika masentimita 30. Galu amatsokomola, amatopa msanga, ndipo pamapeto pake mimba imadzaza madzi. Matendawa amakonda madera otentha a m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo anapezekapo m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique.

Kachipangizo ka SNAP kaja kamazindikira zinthu zotuluka m'thupi la nyongolotsi zazikazi zokhwima, ndipo zimenezi zimayamba kuoneka patatha miyezi isanu mpaka isanu ndi iwiri chilumidwireni. Choncho kuyeza kagalu kosakwana miyezi isanu ndi iwiri n'kungotaya ndalama. Galu amene ali ndi nyongolotsi zazimuna zokhazokha akhozanso kuonetsa kuti alibe.

Njira yachiwiri ndi kufufuza ana a nyongolotsiyo amene amasambira m'magazi. Pa njira ya Knott, ya mu 1939, amasakaniza mililita imodzi ya magazi ndi mamililita 9 a formalin wosungunula, maselo ofiira n'kuphulika, kenako amazunguza ndi kuyang'ana zotsalira pansi. Apa pamafunika diso lodziwa ntchito, chifukwa pali nyongolotsi ina, Acanthocheilonema reconditum, yobwera ndi utitiri, imene ana ake amafanana kwambiri ndi a ya mumtima koma siyambitsa vuto. Chithandizo cha nyongolotsi ya mumtima n'cholemera, chodula, ndipo chimafuna kuti galu atsekeredwe kwa milungu yambiri osathamanga. Sichiyenera kuyambidwa pongoona kanyongolotsi pagalasi osatsimikiza mtundu wake. Galu wamkulu ayezedwenso asanayambe kumwa mankhwala oteteza.

Kodi magazi angasonyeze njoka za m'mimba?

Ayi. Zimenezo amayeza chimbudzi, kufufuza mazira ake. Magazi angangosonyeza zotsatira zake, monga kuchepa kwa maselo ofiira mwa tiana ta agalu timene tili ndi njoka zoyamwa magazi za Ancylostoma. Mukamapita ndi kagalu koyera nkhama, tenganinso kachimbudzi kake ka tsiku lomwelo m'kapepala kapulasitiki.

Nanga chiwewe?

Chiwewe sichipezeka poyeza magazi a galu wamoyo. Chimatsimikizidwa poyeza ubongo galu atafa. Ndatchula zimenezi chifukwa Babesia akafika ku ubongo galu amatha kugwa khunyu ndi kuchita zachilendo, ndipo munthu angaganize kuti ndi nkhupakupa chabe n'kuyamba kumugwiragwira kukamwa. Galu amene wasintha khalidwe, akuchucha dovu kapena akuluma zinthu, musayese kumutenga magazi. Mutsekereni ngati n'zotheka popanda kudziika pangozi, ndipo itanani alangizi a ziweto. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndingayezetse kuti, makamaka ngati ndili kumudzi?

M'tauni zipatala za ziweto zambiri zili ndi maikulosikopu. Ku Lilongwe kuli chipatala cha LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, ndipo labotale yaikulu ya boma ya ziweto, Central Veterinary Laboratory, ili ku Lilongwe. Ku Zambia, sukulu ya udokotala wa ziweto ya University of Zambia ku Lusaka ili ndi chipatala chake. Kumudzi poyambira ndi kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kapena ku ofesi ya zaulimi ya boma.

Ubwino wa kagalasi ndi wakuti galu sayenera kuyenda. Mlangizi akapaka magazi bwino, kuumitsa pamthunzi, kulemba dzina ndi tsiku, n'kukulunga papepala louma kuti ntchentche ndi chinyontho zisafikepo, kagalasiko kakhoza kukwera minibasi n'kukawerengedwa kutali. Alangizi ambiri anaphunzira kale kupaka magalasi a ng'ombe, ndipo dzanja lake ndi lomwelo. Magazi a m'kabotolo asungidwe pozizira koma asaundane, ndipo asasiyidwe padzuwa.

Mukamapita, konzekerani kuyankha mafunso awa: anayamba liti, mkodzo ukuoneka bwanji, munamuchotsapo nkhupakupa liti, wayenda kuti m'milungu itatu yapitayi, ndipo wamwa chiyani. Babesia amayamba kuonekera patatha masiku 10 mpaka 21 chilumidwireni, choncho nkhupakupa imene inabweretsa matenda imakhala itagwa kale. Kusapeza nkhupakupa pa galu lero sikumuchotsa pa chikayikiro.

Amene mukufuna kusamuka ndi galu kupita ku South Africa, funsani msanga za malamulo ake. Dzikolo limafuna kuti agalu ochokera m'maiko ambiri ayezedwe magazi a matenda angapo, kuphatikizapo Babesia gibsoni, nyongolotsi ya mumtima ndi Trypanosoma evansi, m'masiku 30 asanalowe.

Galu walandira mankhwala ndipo wayamba kudya. Pakufunikanso kuyeza?

Pakufunika. Pa Babesia, PCV imatha kupitiriza kutsika tsiku limodzi kapena awiri jakisoni atabayidwa kale, chifukwa thupi limakhala likuchotsabe maselo owonongeka, ndipo mwa agalu ena asilikali a m'thupi amayamba kuwononga ngakhale maselo abwinobwino. Dokotala akati mubwere naye mawa, pitani naye ngakhale akuoneka kuti wadzuka. Pa Ehrlichia, malizani masiku onse 28, ndipo timaselo toundanitsa magazi tiwerengedwenso kumapeto kwa mankhwala ndi patapita milungu ingapo. Kachipangizo ka timadontho kaja si koyezera kuchira, popeza asilikali amakhalapobe. Trypanosoma brucei amatha kubisala mu ubongo kumene diminazene safika bwino n'kudzabwereranso, choncho galu wa kudera la kashembe ayang'aniridwe kwa miyezi. Pa nyongolotsi ya mumtima amayezanso patatha miyezi 6 mpaka 9.

Galu wochira angadwalenso akalumidwa kachiwiri, ndipo agalu ena a pakhomopo akumana ndi nkhupakupa zomwezo, choncho nawonso aonedwe nkhama ndi kuyezedwa akangosonyeza kufooka. Nkhupakupa yofiirira imakhala nthawi yaitali ya moyo wake kunja kwa galu, m'ming'alu ya khoma la khola, pansi pa masaka ogonera ndi m'mphepete mwa khonde, ndipo yaikazi imodzi imaikira mazira masauzande. Kumusambitsa dibi galu n'kumubwezera m'khola lomwelo sikuthetsa vuto. Matani ming'alu, chapani kapena tenthani masaka akale, poperani khola ndi mankhwala amene mlangizi wakuuzani, ndipo ngati pakhomopo pali mphaka mufunse kaye, chifukwa mankhwala a agalu okhala ndi permethrin amapha amphaka.